Mapanga Awiri ku Kopala

Mapanga awiri avumbwitsa. Amene anasula mwambi umenewu ankaidziwa mvula ya kumapiri. Mtambo wada, mphepo yayamba kununkha dothi, ndipo munthu waima pakati pa mapanga awiri. Lina lili pafupi koma ndi lopanikiza, lina ndi lalikulu ndi louma bwino koma lili patsidya pa khwawa. Akuti athamangire lapafupi, mtima ukuti iyayi, uko ndiye kwabwino. Watembenuka, waponya mapazi angapo, wakumbukira kuti khwawa lingadzaze asanawoloke, wabwereranso. Ali mkati mowerengera zonsezi mvula yafika, ndipo mvula sifunsa kuti maganizo afika pati.

Ku Kitwe mapanga ngosowa. Dziko lake ndi lathyathyathya, la zulu za chiswe zotalika kuposa nyumba, ndipo phiri limene aliyense amalidziwa ndi mulu wakuda wa zotsalira za mkuwa pafupi ndi Wusakile, umene amautcha Black Mountain. Koma Lamulungu m'mawa mwambi uja umaoneka ndi maso. Imani pa siteji ya minibasi ku Chimwemwe, kapena ku Lubuto mumzinda wa Ndola, cha m'ma seveni koloko. Paima anthu otchena, Baibulo m'khwapa, akudikira galimoto yopita kutauni. Minibasi ikaima mukutsika anthu enanso otchena, Baibulo m'khwapa, amene achokera kutali kudzapemphera m'tchalitchi chimene chili kuseri kwa nyumba za oyamba aja. Amapatsana moni n'kupitirirana. Sikuti nyumba zopemphereramo zikusowa. Pakhonde limodzi munthu atha kumva belu la Akatolika, kwaya ya United Church of Zambia, ndi zokuzira mawu za mipingo itatu ya Chipentekosite imene yabwereka makalasi a sukulu ya pulayimale imodzi. Dzulo lake a Seventh-day anali atadutsa kale pamsewu womwewo.

Tiyerekeze banja lochokera ku Katete limene likuchita lendi ku Chimwemwe. Bambo amagwira ntchito kumgodi, mayi amagulitsa kaunjika pa msika wa Chisokone, ana alipo atatu. Tchalitchi cha UCZ chili pafupi, moti munthu atha kutereka nyemba, kukapemphera, n'kudzazipeza zisanapserere. Koma kumeneko mapemphero ndi a Chibemba, chinenero cha m'misewu ya ku Kopala, dera la migodi. Mpingo wawo weniweni ndi Reformed Church in Zambia, umene akuluakulu amautchabe wa Dachi, ndipo kuti akafikeko ayenera kukwera minibasi ziwiri, kutsika m'tauni ndi kukweranso.

"Amake mwana, ndalama ya minibasi ya anthu asanu, kupita ndi kubwera, ndi ndiwo za masiku awiri. Kodi Mulungu wa kuseri kunoyu si yemweyo?"

"Ndi yemweyo, abambo. Koma kuno ine ndimangogwedeza milomo. Maimbidwe a nyimboyo ndimawadziwa, koma mawu ake sanditsikira kumtima."

Onse awiri akunena zoona, ndipo n'chifukwa chake mkangano wotere umatha zaka usanathe. Mayiyo asanyozedwe. Madzi saiwala khwawa. Khwawa lakelo linakumbidwa kalekale: amishonale a Dutch Reformed ochokera ku Orange Free State anafika ku Magwero, pafupi ndi Chipata, mu 1899, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa Madzimoyo, Nyanje, Nsadzu ndi malo ena. Buku Lopatulika, limene ntchito yolimasulira inatsogoleredwa ndi William Murray wa mishoni ya Nkhoma, linatuluka mu 1922, ndipo mibadwo inayi yaphunzira kulira ndi kuthokoza ndi mawu a m'buku limenelo. Munthu amene anamva agogo ake akupemphera m'Chinyanja usiku wa matenda atha kudziwa Chibemba chokwanira kutsatsa malonda ndi kukangana ndi kondakitala, koma akafuna kuulula tchimo lilime limabwerera kwawo. Ndaona amayi achikulire akulowa m'tchalitchi cha chinenero chawo atatopa ndi ulendo, miyendo itatupa, koma nyimbo yoyamba itangoyambika nkhope zawo zikumasuka. Amene sanakhalepo kwa eni angaganize kuti nkhani yake ndi yaing'ono.

Komabe mbiri ya dera limeneli ili ndi mawu ake pa nkhaniyi, ndipo mawuwo sakomera mayi uja kwenikweni. Anthu oyamba kubwera kudzagwira ntchito ku Ndola ndi ku mgodi wa Bwana Mkubwa analibe mapanga awiri oti asankhepo. Matchalitchi awo anali atatsala ku Livingstonia, ku Bandawe, ku Mbereshi, ku Kawimbe, ku Fort Jameson, ulendo wa masabata. Kuchokera ku Kitwe kukafika ku Chipata, ngakhale lero pa msewu wa tala, ndi makilomita oposa 900. Mishoni yapafupi inali ya Abaptisti ku Kafulafuta, pakati pa Alamba eni dziko, imene inayambidwa mu 1905 ndi amishonale ochokera ku Nyasa Industrial Mission. Choncho mu 1925 Akhristu a ku Ndola, ambiri mwa atsogoleri awo ochokera ku Nyasaland, anachita chinthu chimene amishonale anali asanachiganize. Popanda mzungu wowauza, anasonkhana a mipingo yosiyanasiyana ndi a zinenero zosiyanasiyana, anasankha akulu awo, anasonkha ndalama, namanga tchalitchi chawo. Mpingowo unadzadziwika kuti Union Church of the Copperbelt. M'busa A. J. Cross wa ku Kafulafuta ankabwera kudzawathandiza, koma nyumbayo inali yawo.

Migodi ikuluikulu itatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ku Luanshya, ku Nkana ndi ku Mufulira, mpingo womwewo unatsatira anthu m'makomboni. Amishonale anachita kuthamangira pambuyo. Mu 1936 anagwirizana kupanga United Missions in the Copperbelt, likulu lake ku Mindolo, pamalo pomwe mu 1958 panadzakhazikitsidwa Mindolo Ecumenical Foundation. Ndipo ndi ku Mindolo komweko kumene pa 16 January 1965, pasanathe miyezi itatu dziko litalandira ufulu, United Church of Zambia inabadwira, Akhristu a Union Church aja ali m'kati mwake. Ndiye kuti tchalitchi cha Chibemba chimene mayi wa ku Katete akuchiona ngati cha eni, maziko ake ena anaikidwa ndi Atonga, Atumbuka ndi Anyanja a ku Nyasaland, anthu amene anavomera kupemphera ndi yemwe wagona naye komboni imodzi. Kudziwa zimenezi sikuchepetsa kulemera kwa Chibemba pa lilime lake, koma kumasintha funso la yemwe ali mlendo m'nyumbamo.

Si onse amene analowa mu UCZ. A Dachi anakhala paokha, Aangilikani paokha. Akatolika anali ndi njira yawo chiyambire 1931, pamene ansembe a Chifransisko ochokera ku Italy, motsogoleredwa ndi Francis Mazzieri, anafika ku Bwana Mkubwa. Ana a Livingstonia ena sanaiwale dzina la CCAP, ndipo mu 1984 Sinodi ya Zambia inakhazikitsidwa. Mpingo uliwonse utamanga nyumba yake pamene unapeza malo, mtunda unabwereranso, tsopano mtunda wa m'tauni momwemo.

Panalinso mtunda wina wosayezeka ndi makilomita. M'masiku a atsamunda, wantchito wa m'nyumba ya mzungu ku Nkana ankagona m'kanyumba ka kuseri, tchalitchi cha azungu chili chapomwepo, koma Lamulungu ankayenda wapansi kupita kukomboni chifukwa khomo lapafupilo silinali lake. Colin Morris, m'busa wa Methodist amene anafika ku Chingola mu 1956, atatsegulira anthu akuda khomo la tchalitchi chake, azungu ambiri anatuluka, ena mpaka anawononga katundu wa m'tchalitchimo. Malamulo amenewo anapita, koma kanthu kake katsalako. Mlonda wa ku Parklands kapena wantchito wa ku Kansenshi amadziwa bwino kuti m'tchalitchi cha mapemphero a Chingerezi, chimene panja pake pamadzaza magalimoto, palibe amene angamuthamangitse, komanso palibe amene angamusankhe kukhala mkulu wa mpingo. Munthu wotere akakwera minibasi kupita ku Chipulukusu kapena ku Ipusukilo, ine ndilibe naye mlandu. Phanga limene sukwanamo silili pafupi, ngakhale lili pakhomo pako.

Ndiponso mawu akuti "kutali" tiziwamva mosamala, chifukwa ulesi umadziwa kuvala jekete la nzeru. M'buku loyamba la Mafumu, mutu 12, muli mfumu Yerobiamu amene anauza anthu ake kuti ulendo wa ku Yerusalemu wawakulira, nawaikira ana a ng'ombe agolide ku Beteli ndi ku Dani. Sanachite zimenezo chifukwa chomvera chisoni miyendo yawo. Ankaopa kuti mitima yawo ingatsatire mapazi awo kubwerera kwa mfumu ya ku Yuda. Olemba mbiriyo sanamukhululukire. Abale athu Achisilamu, amene ali ndi mizikiti yawo ku Ndola ndi ku Kitwe, amasunga nkhani ya fuko la Banu Salima ku Madina, limene linafuna kusamukira pafupi ndi mzikiti, koma Mneneri Muhammad analiuza kuti likhale kumene linali chifukwa mapazi awo onse opita kukapemphera ankalembedwa. Miyambo yonse iwiri imadziwa kuti ulendo nawonso ndi pemphero, ndi kuti chinthu sichikhala choona chifukwa choti chili pafupi. Ngati tchalitchi cha kuseri kwa nyumba chimaphunzitsa zimene chikumbumtima chako chikukana, kapena abusa ake amagulitsa mafuta ndi madzi m'timabotolo, kufupika kwake si chifukwa chokhalira pamenepo.

Koma kuli kutali kwa mtundu wina kumene kwachuluka masiku ano, ndipo kumeneku ndiye ndili nako mawu. Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba, amene anakulira m'mabungwe a antchito ku Ndola, analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu. Zaka zotsatira zinali zomwenso migodi inagulitsidwa. ZCCM, kampani ya migodi imene inkapereka nyumba, chipatala, mabwalo a masewera, ngakhale bokosi la maliro, inagawidwa kwa makampani, ndipo pofika mu 2000 mgodi wa Nkana unali m'manja mwa Mopani. Anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito. M'makomboni a migodi misewu inakumbika, ndipo m'makalasi, m'magalaja ndi m'matenti munaphuka mipingo yatsopano yolonjeza kutsegula zimene zinatsekeka. Naomi Haynes, amene anakhala pakati pa Apentekosite a ku Kopala nalemba buku lotchedwa Moving by the Spirit, lotuluka mu 2017, anaona mmene okhulupirira amasamukira kuchoka pa mpingo uwu kupita pa uwo pofunafuna m'busa amene pemphero lake lingasunthe moyo wawo. Sindiwaseka. Munthu amene wakhala zaka zisanu osalembedwa ntchito, kapena mayi amene apongozi akumuwerengera miyezi, ali ndi chifukwa chomvera mphekesera yakuti ku Ndola kwabwera munthu wa Mulungu. Makilomita ngati 60 a msewu wa pakati pa Kitwe ndi Ndola sawaona kutalika.

Vuto lake si mtundawo. Vuto ndi lakuti mwezi wamawa mphekesera idzaloza ku Luanshya. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mumamva munthu akuti, "Kumeneko ndiye kuli moto, achimwene," ndipo pakatha miyezi itatu moto uja wasamukira kwina. Dzina lake lili m'kaundula wa mpingo wa makolo ake, kumene sanapondeko chaka chino. Chakhumi chake chili kwa mneneri wa ku Ndola, amene samudziwa nkhope. Ana ake amapita ku Sande sukulu ya pafupi chifukwa kumapita anzawo. Lachisanu usiku ali kuphiri ndi gulu lina. Malo onsewo amamuwerenga akakhalapo, koma palibe ngakhale amodzi amene amamusowa akapanda kubwera. Uyu ndiye mwini wake wa mwambi uja.

Apa ndiyenera kuuchitira chilungamo mwambiwo poutsutsa pang'ono, chifukwa ku Kopala kuli anthu amene anapulumuka chifukwa cha mapanga awiri. James Ferguson, amene anacheza ndi antchito a m'migodi ku Kitwe m'zaka za m'ma 1980, analemba m'buku lake la 1999, Expectations of Modernity, za amuna opuma pantchito amene anabwerera kumudzi. Amene ankatumiza kangachepe kwa abale, kupita kumaliro, ndi kusunga ulemu wa kumudzi, analandiridwa. Amene anadzitcha a m'tauni okhaokha anakapeza nkhope zouma ndi minda yopanda wowalozera malire. Kwa munthu wa kumigodi, kukhala ndi kwawo kuwiri kunali nzeru. Nanga bwanji pa za mpingo tinene kuti ndi kupusa?

Ndikuganiza kuti mwambiwo sudzudzula kudziwa mapanga awiri. Mlenje wabwino amadziwa mapanga onse a m'phiri. Umadzudzula munthu amene mvula ikuyamba sanadziwebe kuti lake ndi liti. Wantchito wa kumgodi amene ankasamala kumudzi sankakayika za kumene adzakalambire. Anali atasankha, ndipo ankalipira mtengo wa kusankhako mwezi ndi mwezi. Momwemonso munthu atha kukhala wa mpingo umodzi, wodziwika, wopatsidwa ntchito, wodzudzulidwa akalakwa, n'kumakachezabe kwina pa Pasaka kapena pa msonkhano wa chitsitsimutso. Mlendo wodziwa kwawo salakwa. Amene amavumbwa ndi uja ali mlendo paliponse.

Ndipo mvula ya munthu wa m'tauni imadziwika: matenda a pakati pa usiku, ndi maliro. Chakudza sichiimba ng'oma. Mwana akayamba kukomoka cha m'ma wanu koloko, minibasi zitagona, amene amathamanga ndi chitenje m'manja ndi mayi wa nyumba yoyandikana, ndipo amene amadzutsidwa kuti atulutse galimoto yopita ku Kitwe Teaching Hospital ndi bambo wa mumsewu womwewo. Zovuta zikagwa, mipando imatulutsidwa panja, amuna amakoleza moto pabwalo, amayi amakhala pamphasa m'nyumba, ndipo pamafunika anthu oimba mpaka kuche kwa masiku awiri kapena atatu. Pamafunika nkhuni, ufa, kabichi, madzi, galimoto yonyamula anthu kupita kumanda a Nkana East kapena a Kantolomba. A mpingo wa kutali amabwera ndithu, atavala yunifolomu yawo, amaimba bwino, koma ikamakwana faivi koloko amayamba kuyang'ana kumsewu kuopa kusowa galimoto. Usiku umatsala ndi a pafupi. Maliro n'kulirana, ndipo anthu a m'komboni ali ndi kaundula wawo wosalembedwa wa amene amagona pa maliro a anzake ndi amene amangodutsa ndi Baibulo kupita kutauni.

Pa nkhani ya maliro pomwepa, munthu wa Kum'mawa wokhala pakati pa Abemba ali ndi mwayi umene nthawi zina sauona. Kwathu kwa Achewa mwini maliro sakumba manda. Ntchito imeneyo ndi ya adzukulu, anthu amene chisoni sichinawathyole mawondo, amene amatha kuseka ndi kuseketsa pamene ena akulira. Ku Zambia udindo wotere unagwera chimbuya. Angoni ndi Abemba, amene makolo awo anathirana nkhondo, anasandutsa udani kukhala nthabwala, ndipo nthabwalayo inafalikira kwa onse a Kum'mawa ndi onse a Kumpoto. Awa amaseka awo za kudya mbewa, awo amaseka awa za kudya anyani. Koma pa maliro a wa Kum'mawa, Abemba ndiwo amagwira mapoto ndi mafosholo, kupaka anamfedwa ufa kumaso, ndi kutolera ndalama mwachipongwe chololedwa. J. Clyde Mitchell, polemba za gule wa kalela ku Luanshya mu 1956, anaona kale kuti ubale wa nthabwala woterewu unakula m'matauni a migodi, kumene munthu ankafera kutali ndi abale ake. Tsono tchalitchi cha Chibemba cha kuseri kwa nyumba chadzaza ndi ambuya ake a mayi wa ku Katete uja, anthu omwe mwambo unawapatsa kale ntchito yomuika m'manda. Kukhala nawo pa benchi limodzi adakali moyo si chinthu chachilendo kwenikweni.

Mipingo ina inaliona vutoli msanga ndipo inayesa kulithetsa posendeza tchalitchi kufupi ndi anthu popanda kusuntha njerwa. Maepiskopi Achikatolika a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, anagwirizana mu 1973, natsimikizanso mu 1976, kuti moyo wa mpingo ukhazikike pa timagulu ta mabanja oyandikana. Ku Malawi timati miphakati, ndipo Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anailimbikira kwambiri. Ku Kopala amati ifitente, ndipo inazika mizu m'zaka za Episkopi Dennis de Jong, amene anatsogolera dayosizi ya Ndola kuyambira 1975 mpaka 2003. Malamulo a mpingowo amati parishi kawirikawiri ikhale ya dera, ngakhale amalola ya chinenero pamene pakufunika. Mkatolika wa ku Chifubu atha kukamvera Misa ku Cathedral of Christ the King m'tauni ngati akufuna, koma tsiku lofuna ubatizo wa mwana kapena Misa ya maliro adzafunsidwa za mphakati wake, ndipo a mphakati ndi anthu amene amamuona akutaya zinyalala m'mawa. Anthu amadandaula nalo lamulo limeneli, ndipo nthawi zina atsogoleri a mphakati amaligwiritsa ntchito ngati chibonga, kukaniza maliro chifukwa cha ngongole ya zopereka. Zimenezo n'zonyansa. Koma nzeru ya pansi pake ndi yolondola: chikhristu cha munthu chimadziwika bwino ndi amene amamva mawu ake kudzera pakhoma.

A UCZ ali ndi zigawo zawo, a Reformed ndi a CCAP ali ndi madera oyang'aniridwa ndi mkulu wa mpingo, ndipo amayi a Chigwirizano amakumana pakati pa sabata. Mu 2020, matenda a korona atachititsa kuti misonkhano ikuluikulu iletsedwe, zinaoneka poyera kuti ndani anali ndi anzake opemphera nawo pamtunda woyenda wapansi, ndi ndani amene mpingo wake wonse unatsala pa foni, kudikira bandulo.

Choncho funso limene ndingafunse banja la ku Chimwemwe lija si la makilomita, ndiponso si la kumene ulaliki umakoma. Ndingafunse kuti: mutadwala Lachiwiri, ndani angadziwe lisanafike Lamulungu? Ngati mpingo wa Reformed uli ndi dera lake ku Chimwemwe komweko, mabanja asanu kapena khumi amene amakumana m'nyumba Lachitatu madzulo, ndi mkulu wa mpingo wodziwa khomo lililonse, ndiye kuti tchalitchi chakutalicho chili pafupi kale, ndipo ndalama ya minibasi ndi mtengo woyenera kulipira kuti mayi apemphere m'chinenero cha amake. Bambo aleke kuwerengera ndiwo. Koma ngati banjalo lili lokhalokha m'dera lonselo, ngati mwezi wa mvula kapena mwezi wa fizi umatha osapondako, ngati bambo akalowa shifiti ya Lamulungu ndiye kuti nyumba yonse yajomba, pamenepo kukhulupirika kwawo kwatsala pa dzina pokha. Ndi bwino avomereze.

Ana nawo ali ndi mbali yawo, ngakhale safunsidwa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ana obadwira ku Kitwe amalota m'Chibemba, amachemerera Nkana kapena Power Dynamos m'Chibemba, ndipo Chinyanja cha m'Buku Lopatulika amachimva ngati chinenero cha agogo. Makolo ena amawakokera kutali dala kuti chinenero chisafe, ndipo cholinga chimenecho ndimachilemekeza. Koma maola awiri pa sabata sasunga chinenero chimene sichilankhulidwa pa mphasa ya chakudya chamadzulo. Chimene ulendo wautaliwo umachita kawirikawiri n'chakuti mwana sapita ku kwaya ya Lachisanu, sapita ku kalasi ya Loweruka, alibe mnzake wa kutchalitchi amene amakumana naye pa mpope, ndipo akafika zaka 16 amasankha yekha, nthawi zambiri tenti ya zokuzira mawu, nthawi zina palibe.

M'mipingo ya Chipresibeteriya ndi ya Reformed muli mwambo wa kalata yosamukira. Mkhristu akachoka ku Katete, akulu a mpingo amamulembera kalata yonena kuti ndi wa Mgonero ndipo alibe mlandu, kuti akaipereke kumene akupita. Makalata ambiri otere ali m'masutikesi ku Chamboli, ku Ndeke ndi ku Kabushi, pansi pa zitenje za ukwati, ena akwanitsa zaka khumi. Eni ake amapemphera ndithu, uku ndi uku, koma kalatayo sanaipereke kulikonse, chifukwa kuipereka pafupi kukuoneka ngati kutaya kwawo, ndipo kuipereka kutali kukuwamanga ku ulendo umene sangaukwanitse sabata ndi sabata. Tsiku la zovuta achibale amaifunafuna misozi ili m'maso, kenaka amayamba kuyenda kwa abusa awa ndi awo kupempha woti adzayendetse mwambo, ndipo m'busa aliyense amafunsa funso lomwelo mwaulemu: "Pepani, kodi malemuwa ankasonkhana kuti?"

Ndikanakhala mlamu wa banja lija, ndipo dera la Reformed ku Chimwemwe kulibe, ndikanati kalatayo ipite ku UCZ ya kuseri kwa nyumba. Mayi alowe m'gulu la amayi a kumeneko, aphunzire nyimbo zawo, ndipo pa Khirisimasi ndi pa misonkhano ikuluikulu akwere minibasi zake ziwiri akaimbe za kwawo mpaka mawu atasasa, ngati mlendo wolandiridwa. Sindinganame kuti n'zaulere. Adzakhala zaka akupemphera m'chinenero chobwereka, mwina sadzatsogolera pemphero pagulu mmene akanachitira kwawo, ndipo pa maliro ake nyimbo zambiri zidzakhala za Chibemba. Ngati akufuna kuti padzamveke ziwiri kapena zitatu za Chinyanja, apangane ndi amayi a Chigwirizano a kutsidya kwa tauni adakali moyo, ndipo nayenso azipita ku maliro awo.